Foni mudzagula ina, nanga cala?

Lacisanu lapitali, ca m'ma 18 awazi, tinali titamangika pa mzele wa magalimoto mu Lumumba Road. Basi siyenda, kutentha, ba kondakita ali kalikiliki kuwelenga cenji. Pa windo kutsogolo kwanga panakhala mnyamata wovala bwino, maso pa foni, kuseka yekha. Zimene zinacitika mwazidziwa kale. Dzanja linangolowa pa windo, foni yapita. Mnyamata uja sanayembekeze. Anatilumpha tonse, kuponda amai ena pa phazi, kutsika, liwilo pakati pa magalimoto.

Basi inali isanasunthe n'komwe pamene anabwelela. Foni analibe. Dzanja lamanja anali atalikulunga ndi shati, magazi ali cucucu. Anati wakuba uja anamugwila ndithu pa kolala, koma sanaone cimene cinali m'dzanja linalo. "Nenze naganiza ati anicaya cabe kofi," anatelo akunjenjemela. Amai amene anawaponda aja ndiwo anavula citenge n'kumumanga bwinobwino, ndipo ba dalaivala anamutsitsa pafupi ndi kiliniki osamulipilitsa.

Atangotsika, m'basi munabuka mlandu. Wina anati, "Uja ndiye mwamuna. Ngati tonse tingacite so, vikawalala vingasile." Wina kumbuyo anati, "Sembe enze oziba kalate, sembe amupoka mpeni." Ine ndinangoti cete, cifukwa mau amenewo ndinali nditawamva kale kunyumba kwanga.

Ndimasunga mwana wa mlongo wanga, wa zaka 19. Amagulitsa makava a foni m'tauni ndipo amabwela usiku. Miyezi itatu yapitayi anayamba kupita ku holo ina m'komboni mwathu kumene munthu wina, amene onse amamuti ba masita, amaphunzitsa ndeu yosakaniza: nkhonya pang'ono, mateche pang'ono, kugwetsana pansi, ndodo ziwili, ndi kulanda mpeni. Tsiku lina tikudya nsima mnyamata anati, "Ba malume, manje ine wa mpeni sininga muyope. Nimugwila so, namupinda so, mpeni wagwa." Anandionetsa ndi supuni. Mtima wanga unagunda, cifukwa ndinaona kuti akukhulupilila zimene akunena.

Ndinapita kukaona ndekha. Ndisaname, anyamata amacita thukuta, samwa, sasuta, ndipo ba masita aja ndi munthu waulemu. Koma pofika pa mpeni ndinaona sewelo. Wogwila mpeni wa labala amatambasula dzanja kamodzi, n'kuima monga cithunzi, kudikila mnzake kuti amupinde. Ndinafunsa ba masita kuti za ndodo ndi mpenizi zinacokela kuti. Anati, "Ni va ku China, bwana, va Bruce Lee." Nditafunsa amene anawaphunzitsa, anandionetsa foni.

Apa ndipo pali nkhani yanga lelo. Ndodo zija si za ku China. Ndi za ku Philippines, ndipo eni ake anaziphunzitsa ndi cenjezo lalikulu limene ife tinalitaya panjila.

Ife amene tinakulila m'mavidiyo sho a m'komboni, kulipila pa khomo n'kukhala pa benchi, tinali ndi dzina limodzi pa zonse: kalate. Munthu akaulutsa mwendo, kalate. Akazungulitsa ndodo, kalate. Koma kumbukilani filimu ija ya Game of Death, imene Bruce Lee avala suti yacikasu. Pa cipinda cina ca nsanja akumana ndi munthu wogwila ndodo ziwili zazifupi. Munthu uja ndi Dan Inosanto, wobadwila ku Stockton mu California mu 1936, mwana wa makolo ocokela ku Philippines. Anakumana ndi Bruce Lee mu 1964 pa mpikisano wa kalate ku Long Beach, n'kukhala wophunzila wake ndi mnzake. Bruce Lee anayambitsa njila yake yosakaniza, Jeet Kune Do, mu 1967, pokana kuti munthu amangike m'sitailo imodzi. Atamwalila mu 1973, Inosanto ndiye anakhala mmodzi wa opitiliza nchitoyo, ndipo m'sukulu yake anaphunzitsa Jeet Kune Do pamodzi ndi luso la makolo ake la ndodo ndi mpeni. Ndiye cifukwa cake lelo anthu ambili amaganiza kuti ndodo zija n'za Bruce Lee. Zinalowa m'nyumba yake, koma zinabadwila kwina.

Kwao lusoli lili ndi maina atatu odziwika: arnis, eskrima ndi kali. Awili oyambawo anacokela ku Cisipanishi, pakuti a ku Spain analamulila zilumbazo zaka zoposa 300, kucoka mu 1565 kufika mu 1898. Eskrima ndi liu lao la kumenyana ndi lupanga. A ku Philippines amanyadilanso nkhani ya pa cilumba ca Mactan, pamene pa 27 April 1521 ankhondo a mfumu Lapulapu anapha Ferdinand Magellan m'mphepete mwa nyanja, atazindikila kuti miyendo ya adani ao inalibe zodzitetezela zacitsulo. Mu 1932 ku Cebu kunakhazikitsidwa gulu la Doce Pares, limene likalipo mpaka pano. Mu December 2009 boma lao linapanga lamulo, Republic Act 9850, lonena kuti arnis ndiye masewela ndi luso la nkhondo la dziko lonse. Si kanthu kongotola pa foni. Kali ndi eni, kali ndi mbili.

Kaphunzitsidwe kake n'kosiyana ndi kalate amene timadziwa. Mu kalate umayamba ndi manja, zida zimabwela ukakula. Kumeneko amakupatsa ndodo tsiku loyamba. Ndodoyo ndi ya rattan, comela coyanga cooneka ngati nsungwi koma cosabooka mkati, yotalika pafupifupi masentimita 70. Amaikonda cifukwa ikatha imangonyenyeka ngati ulusi, siithyoka n'kulasa munthu. Koma mphunzitsi weniweni amakuuza msanga kuti ndodoyi ikuimila bolo, cikwanje cao ca kumunda. Conco sugwila ndodo ya mnzako paliponse pamene wafuna, cifukwa likanakhala tsamba lacitsulo zala zikanagwa pansi.

Sawelenganso mazana a mateche ndi nkhonya. Amawelenga njila zimene cida cimabwelela: kucoka kumanja kutsika, kucoka kumanzele kutsika, copingasa, colasa pamimba, cocoka pamwamba. Masukulu ena amawelenga zisanu, ena 12. Nzelu yake n'njakuti kaya munthu wagwila ndodo, cikwanje, botolo kapena sipanala, dzanja lake limayenda m'njila zomwezo. Kuzungulitsa ndodo ziwili kuja, kumene anyamata athu amakonda kujambula, kumachedwa sinawali, kucoka ku sawali, mphasa yoluka ya nsungwi imene amamangila zipupa za nyumba. Ndi njila yophunzitsila manja awili kugwilizana. Si ndeu yeniyeni, monga mmene kulumpha cingwe kwa wankhonya sikuli nkhonya.

Ndipo pali mfundo imene imandigwila mtima: amati ucotse mano a njoka. Kutanthauza kuti usalimbane ndi mutu kapena cifuwa ca mdani, umenye dzanja logwila cida, uli patali, miyendo ikukucotsa pa mzele. Taonani bwino. Anthu amene anakulila m'zikwanje sanaphunzitse ana ao kuthamangila kukakumbatila wa mpeni. Anawaphunzitsa mtunda. Anawaphunzitsa kuti dzanja limene watambasula ndilo loyamba kudulidwa. Mnyamata wa m'basi uja anaphunzila phunzilo lomweli, koma analipila ndi cikhatho cake.

Amene anapita nalo lusoli ku America sanali anthu a m'mafilimu. Anali anchito osauka a m'minda ya ku California ndi a pa madoko. Angel Cabales, amene anatsegula sukulu ku Stockton mu 1966, anagwilapo nchito pa doko la Manila. Leo Giron anamenya nkhondo yaciwili ya dziko lonse m'nkhalango za ku Luzon, bolo ili m'manja, ndipo nkhondo itatha anakhala zaka zambili osaphunzitsa munthu. Anabwelela ku lusoli pambuyo pa zoopsa za ku Chicago mu 1966, pamene munthu mmodzi anapha anamwino asanu ndi atatu m'nyumba imodzi, awili mwa iwo a ku Philippines. Onsewa anaphunzitsa Inosanto. Munthu amene anaona cimene citsulo cimacita pa thupi la munthu sacita nthabwala ndi mpeni, ndipo salonjeza mwana wa mnzake kuti m'miyezi itatu adzaleka kuopa.

Musandimve molakwa, ine sindidana ndi kusakaniza. Ndingadane nako bwanji ine wa mu Lusaka? Cinyanja cimene timakamba m'basi cili ndi Cibemba, Cinsenga ndi Cizungu mkati, ndipo cimatifikitsa kumene tipita. Arnis nayenso ndi wosakaniza: muli mau a Cisipanishi, muli njila ya lupanga ndi kampeni imene amaicha espada y daga. Remy Presas, amene anayambitsa Modern Arnis, anaphunzila kalate ndi judo pamodzi ndi ndodo za ku Cebu. Iye anaona kuti acinyamata akuthawa lusoli cifukwa akuluakulu anali kumenya dzanja lenileni pophunzitsa, ndiye anasintha kuti ophunzila azimenyanitsa ndodo ndi ndodo. Anacepetsa ululu kuti luso lisafe. Koma iye anali kudziwa cimene wacotsa ndi cifukwa cake. Apa ndipo pali kusiyana. Mai amene adziwa kuphika akhoza kucepetsa mcele. Amene anangoona ndiwo pa cithunzi sadziwa n'komwe kuti munali mcele.

Vuto la zosakaniza zathu za m'komboni n'lakuti cinthu cikadutsa m'manja ambili, cimene cimafika ndi cokongola cokha. Kucoka kwa mkulu wa ku Cebu kupita ku California, kucoka kumeneko kulowa m'filimu, kucoka m'filimu kulowa m'kavidiyo ka mphindi imodzi, kucoka m'kavidiyo kufika kwa ba masita, kenako kwa mwana wa mlongo wanga. Pa siteshoni iliyonse katundu wina amatsala. Cimene cimatsala coyamba ndi mantha, cifukwa mantha sakoma kuonela. Mafilimu a Jason Bourne ndi The Book of Eli anagwilitsa nchito luso lomweli la ku Philippines, ndipo n'zokomadi m'maso. Koma kumeneko sitelingi samafa, ndipo wa mpeni analipidwa kuti agwe. Cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyelele.

Pa Sondo ndinacita naye mayeso mnyamata wanga. Ndinamupatsa tisheti yoyela ya salaula kuti avale. Ine ndinatola khala pa mbaula. Ndinati, "Ili ndiye mpeni. Nilande." Ine ndine munthu wa zaka zopitilila 50, wa mimba, wopuma mwa befu ndikakwela masitepe. Sindinacite ukatswili uliwonse. Ndinangomugwila shati ndi dzanja lamanzele n'kumalasa msangamsanga ndi lamanja, monga acitila munthu wolusa. Sitinathe ngakhale theka la mphindi. Pamapeto anandigwiladi dzanja n'kundipinda, khala linagwa, iye n'kukuwa kuti wawina. Ndinamuuza kuti avule tisheti tiwelenge. Mizele yakuda inali 11: pamimba, m'nthiti, pa mkono, umodzi pafupi ndi khosi. Anaiyang'ana nthawi yaitali. "Koma ba malume, imwe simunaimilile," anatelo. Ndinati, "Nanga wa pa siteshoni azaimilila?"

Mayeso amenewa si nzelu zanga. Masukulu abwino a lusoli amacita zomwezi ndi coko kapena colembela, dala, kuti wophunzila aone yekha kuti ngakhale wopambana amatuluka atacekeka. Ndipo ku America, mu 1983, wapolisi wina wa ku Salt Lake City dzina lake Dennis Tueller anaonetsa kuti munthu wa mpeni akhoza kudutsa mtunda wa mamita 6 ndi kanthu m'sekondi imodzi ndi theka. Hiace imene mwakwelayi siifika n'komwe utali umenewo. Ngati wapolisi wa mfuti m'ciuno amauzidwa kusamala pa mtunda wotele, nanga inu amene dzanja lina lagwila pulasitiki ya kapenta?

Ndidziwa ena mwayamba kale kudandaula. "Manje tizingopasa vikawalala vilivonse?" Funso labwino, ndipo limandiwawa nanenso. Foni si yochipa. Muli nambala za makasitomala, muli ndalama, muli zithunzi za ana. Kubeledwa kumacotsa ulemu, munthu umafika kunyumba uli ngati wavulidwa. Koma tiyeni tiwelengele monga anthu a malonda. Foni mungagule ina pa nkhongole, simu mungabwezeletse nambala yomweyo. Mtsempha wa m'dzanja ukaduka, telala sasokanso bwino, makanika sagwilanso sipanala, kondakita sawelenganso cenji. Ndipo kuba kwa pa windo sikudzatha cifukwa cakuti aliyense wakhala Bruce Lee. Kudzacepa pamene ma siteshoni ali ndi magetsi oyaka, apolisi akuoneka nthawi ya jamu, ogula mafoni obedwa akugwidwa, ndipo ife tomwe taleka kugula foni ya mtengo wokaikitsa pa kona. Nkhondo imeneyo ndi ya tonse, si ya mnyamata mmodzi wothamanga pakati pa magalimoto.

Ena mudzati, "Nanga vili na nchito bwanji kuti ni va ku China olo ku Philippines, ngati visebenza?" Zili ndi nchito pa zifukwa ziwili. Coyamba ndi ulemu. Ife timakwiya mlendo akatenga nyimbo kapena gule wathu n'kumuika dzina lina. Nawonso ali ndi mtima ngati wathu. Caciwili, ndipo ici ndico cikhudza khungu lanu, dzina ndi lisiti. Inosanto, katswili wa kusakaniza, amachula aphunzitsi ake mmodzimmodzi, amanena kuti ici ndinatenga kwa uje, ici kwa uje. Munthu wotele ungamufufuze. Koma amene sadziwa ngakhale dziko kumene cinthu cinacokela, adziwa bwanji cenjezo limene cinabwela nalo? Mankhwala opanda pepala simupatsa mwana. N'cifukwa ciani mumulola kuphunzila za mpeni kwa munthu wopanda mphunzitsi?

Ndiye kodi lusoli lilibe phindu kwa ife okwela basi? Lili nalo, lalikulu. Monga masewela, limalimbitsa thupi ndi maso, ndipo kwao amapikisana atavala zodzitetezela, monga zinalili pa masewela a SEA Games a mu 2019. Monga nzelu ya pamseu, limaphunzitsa kuyang'ana manja a munthu osati nkhope yake, cifukwa nkhope siilasa. Limaphunzitsa kusunga mtunda ndi kucoka pa mzele m'malo mobwelela cam'mbuyo mpaka kugunda cipupa. Limaphunzitsa kuti ngati palibiletu kothawila, ngati mwapeleka zonse koma munthu akubwelabe, kapena muli ndi mwana kumbuyo kwanu, ciliconse cili m'manja ciposa dzanja lopanda kanthu: cola kutsogolo kwa mimba, ambulela, jekete yokulunga pa mkono. Colinga si kupambana. Colinga ndi kupeza mpata wothawa. Ndipo limaphunzitsa kuti kunyamula mpeni wanu si yankho. Mudzapezeka ku polisi, kapena mudzaupeleka nokha kwa amene adzakulasani nawo.

Mwana wa mlongo wanga sindinamuletse kupita ku holo. Kuli bwino akhale kumeneko kusiyana n'kukhala pa shabini. Koma ndinabwelela kwa ba masita, tinakhala pansi ngati akuluakulu, ndipo ndinawapempha zinthu zitatu. Auze ana dzina lenileni la cimene akuphunzitsa. Wogwila mpeni wa labala aleke kuima ngati cithunzi. Ndipo phunzilo loyamba la mpeni likhale kupeleka foni ndi kuthawa, lobwelezedwa mpaka lilowe m'miyendo. Anakhala cete pang'ono, kenako anati, "Ba mudala, bana sazakondwela, bafuna va mu filimu." Ndinawauza kuti amai ao a anawo adzakondwela. Sanalonjeze ciliconse, koma Laciwili mnyamata anabwela kunyumba tisheti ili mizelemizele ya coko, ndipo sanakambe zambili pa nsima.

Inu makolo amene mukulipila masukulu otele, pitani mukaone ndi maso anu. Funsani mphunzitsi kuti anaphunzila kwa ndani, kwa zaka zingati, ndipo iye angacite ciani wina atamutulutsila mpeni cifukwa ca foni. Akayankha kuti "ningamupase," mwana wanu ali pabwino. Akayamba kukuonetsani ndi manja, tengani mwana wanu. Akulu anati mwamuna mnzako ndi paculu, umalinga utakwelapo, koma culu ca mpeni ena sanatsikepo.

Ndipo inu amene mwakhala pa windo muli kuwelenga izi, basi ikaima pa jamu kokani galasi, foni ilowe m'thumba la mkati. Ikapita, ilekeni ipite. Kunyumba akudikila inu, ndi zala zonse khumi.